Vomerani ndi Mabwana Ake Awiri

Pakhomo paja panali tebulo limodzi lokha, ndipo linali la aliyense kufikira chaka chimene mnyamata wa m'nyumbamo anafika kumapeto kwa maphunziro ake a kukoleji. Kuyambira pamenepo anthu ankadyera pamaondo. Mapu, malula ndi mapensulo otafunidwa kumutu zinadzaza ponseponse, ndipo mbale ikangoyandikira, mwini mapepala ankalira ngati mwamuponda pachilonda. Ankaphunzira zoyeza malo, ntchito ya anthu aja mumawaona m'mbali mwa msewu atatsinzina diso limodzi, akusuzumira m'kamakina ka miyendo itatu ngati akuonera ukwati wa kumwamba.

Dzina lake la ubatizo lisakuvuteni. Onse ankamutcha Vomerani, chifukwa chibadwire pakamwa pake sipanatulukepo mawu oti iyayi. Mukamuuza kuti kunja kukutentha, eya. Wina akati kukuzizira, eyanso. Mutu unali wakuthwa, pamenepo tisamunamizire, masamu ankangomeza osatafuna. Koma munthu wake anali wofewa ngati nsanza yonyowa, yoti aliyense apukutire pamene wafuna.

Tsono ntchito yoyeza malo ili ndi mwambo wake. Pepala la kukoleji palokha silimupanga munthu kukhala woyeza. Uyenera kuyamba wakhala pansi pa mkulu wina wa ntchitoyo zaka ziwiri, ukumunyamulira zida padzuwa, iye n'kudzakusainira kuti mwanayu wapsa. Popanda dzanja la mkulu wotere, digiri yako ndi chokupizira mphepo basi. Choncho kutatsala miyezi itatu kuti mayeso omaliza ayambe, kalasi yonse inali yakaliyakali kusaka wodzawasainira, ena mpaka makosi kutalika.

Vomerani mwayi unamugwera kawiri. Woyamba kumuitana anali mdala wina woyeza minda ndi mapuloti, wa kaofesi ka pamwamba pa sitolo ya utoto. Anamukhazika pampando wothyoka mkono, namuuza kuti maso ake ayamba kuchita nkhungu, ana ake onse anathawira ku ntchito zina, ndipo akufuna mwana woti amuphunzitse zonse, tsiku lina adzamusiyire makiyi. Malipiro ndi ochepa, anatero mdalayo, koma nzeru uzidzachita kutuma ngolo. Vomerani anagwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri, nalonjeza kuti Lolemba loyamba mayeso akatha adzamupeza pakhomo asanatsekule.

Sabata isanathe anaitanidwanso, ulendo uno ndi mayi wina, mkulu wa zoyeza pa kampani yopanga misewu. Uku kunali mpando wozungulira, mphepo yozizira yotuluka m'khoma, ndi galimoto yokatenga anthu m'mawa. Mayiyo sanali wozungulira nkhani. Anati mbiri yako ndaimva kwa aphunzitsi ako, ndikukufuna Lolemba loyamba mayeso akatha, kodi pali kwina kumene unalonjeza kale? Vomerani anayang'ana mpando uja, nayang'ananso makiyi a galimoto ali patebulo.

"Kulibe, mayi."

Anatuluka m'menemo ali ndi mabwana awiri ndi Lolemba limodzi.

Kuyambira tsiku limenelo mnyamata anasanduka nkhuku ya chitopa. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa osapeza njira. Foni ikalira ankadzidzimuka ngati wakhalira singano, n'kuyamba wasuzumira kaye kuti ndi bwana uti. M'mawa ankadzuka atasankha mdala, poti nzeru sizigulidwa. Pofika masana, dzuwa likamuwamba pokwerera basi, mtima unkathawira ku galimoto ya kampani. Akafika kunyumba ankatenga pepala, kulemba mzere pakati, zabwino uku, zoipa uku, ngati kuti pepala lili ndi pakamwa poti likamukanire kwa anthu. Mayi ake ankayesa ndi mantha a mayeso, ndiye ankangomuthirira madzi osamba n'kumamupempherera kuti masamu asamupengetse.

Amene anatulukira chinsinsi anali mlongo wake wamkulu, namwino, munthu wozolowera kufinya zithupsa mwini wake akulira. Tsiku lina posuntha mapu kuti apeze poika kapu, anaona makalata awiri olonjeza ntchito, onse osainidwa ndi dzanja limodzi.

"Iwe, uli ndi matupi angati?"

"Achemwali, ndikuganizabe."

"Ukuganiza chiyani poti wasaina kale konsekonse? Tenga foniyo, uuze mmodzi kuti pepani. Akalipa lero, mawa aiwala, atenga mnzako wina amene akugona osatseka maso kufuna malo omwewo."

Vomerani anati waimva, aimba mawa. Mawa lakelo linabala mawa linzake, ndipo linzakelo linabala adzukulu. Mumtima anali atapeza kale nzeru yake yachabechabe: nanga akakana mdala, kenako kampani n'kusintha maganizo? Nanga akakana kampani, mdala n'kudwala? Bola kusunga zonse mpaka tsiku lomaliza. Ankadziona ngati wochenjera kuposa kalasi yonse. Anzake awiri, mtsikana wina wakhama ndi mnyamata wokhala naye benchi limodzi, anapita kukagogoda m'maofesi awiri omwewo n'kuuzidwa kuti malo anatengedwa kale. Ankamudandaulira iye yemweyo, iye n'kumapukusa mutu mwachisoni kuti dziko lavuta.

Kumbuyo kwa kolejiyo kunali bwalo lokhala ndi zipilala zisanu za simenti, zoimikidwa pamzere umodzi, mtunda wa pakati pake wodziwika bwino lomwe. Kamodzi pachaka oyeza malo onse a m'deralo ankabwera ndi makina awo kudzawayesa pazipilalazo, kuti aone ngati sanayambe kunama. Ophunzira a chaka chomaliza ndiwo ankawagwirira ndodo ya manambala imene woyeza amaiyang'ana ali patali. Vomerani mwambo umenewu ankaudziwa zaka zinayi zonse. Koma mutu wodzaza masamu uja sunathe kuwonkhetsa kuti mmodzi kuphatikiza mmodzi, pabwalo limodzi, ndi tsoka.

Tsikulo linafika kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso ayambe. Mphunzitsi anamuimika pa chipilala chakumapeto, ndodo m'manja, namuuza kuti asagwedezeke ngakhale njuchi imutere pamphuno. Ali chiimire choncho anaona galimoto ya kampani ikulowa, mayi uja n'kutsika. Mtima unagunda kamodzi. Posakhalitsa anaona mdala uja akubwera pang'onopang'ono, bokosi la makina lili m'manja. Mtima unagunda kawiri. Kenako anaona chimene sanachilotepo: mayi wa kampani akuthamangira mdalayo, kumulandira bokosi, mpaka kupinda maondo pomupatsa moni. Kodi inu, amene anamusainira mayiyo zaka makumi awiri zapitazo anali ndani? Mdala yemweyo.

Kuchokera pamene anaima sankamva kanthu, ankangoona. Anaona mdala akuimika makina ake, kusuzumira, kuseka, n'kukodola mayi uja kuti nayenso aone. Mayiyo anasuzumira, nadzuka, napukuta diso, nasuzumiranso nthawi yaitali. Makina amenewo amakoka munthu wa kutali n'kumuika pamphuno pako, moti thukuta lililonse la Vomerani ankaliwerenga. Ndodo inayamba kuvina yokha. Mphunzitsi anakuwa kuti agwire bwino. Kenako manja awiri anakwera m'mwamba nthawi imodzi, onse akumukodola.

Mtunda umene uja anauyenda ngati wopita kukaona mtembo wake womwe. Oyeza ena, anthu oposa makumi awiri, anali atasiya makina awo n'kuyandikira, poti fungo la nkhani limaposa la nyama yowotcha.

"Bambo amati andionetse mwana wawo watsopano," anatero mayi uja. "Ine ndimati makina awo akunama, chifukwa amene ndikumuona ndi wanga. Tiuze iwe, olakwa ndi makina?"

"Mayi, ndimati ndikufotokozereni."

"Liti? Si ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa ngati unalonjeza kwina?"

Vomerani anatembenuka. Anayang'ana kwa mdala, poganiza kuti mwina ukalamba uli ndi chifundo. Mdalayo sanakalipe. Anavula magalasi, nawapukuta ndi kumunsi kwa malaya, nalankhula motsitsa ngati akuwerenga manambala.

"Mwana wanga, ntchito yathuyi ndi yoika mwala pamalire, n'kuuza munthu m'maso muli gwa kuti pako pathera apa. Wina amakondwa, wina amatukwana, iwe n'kunyamula zida zako kumapita. Tsono woyeza amene auza eni minda awiri kuti nonse mwalondola, ameneyo amasiya zikwanje zikulankhula m'mbuyo mwake. Ukanandiuza kuti wapeza pabwino, ndikanakuperekeza ndekha kwa mayi akowa. Koma dzanja langa pa pepala lako, ayi."

Mayi uja anangowonjeza kuti chimene bambo ataya, iye satola. Atatero anafunsa mphunzitsi ngati m'kalasimo mulibe ana ena odziwa kuyankha funso. Mphunzitsi analoza mtsikana wakhama uja ndi mnyamata wa pabenchi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Wina anamulanda Vomerani ndodo, ntchito ya makina n'kupitirira.

Mayeso analemba, ndipo anakhoza kuposa onse, poti mutu sunalakwe kanthu. Mkanjo anavala, chipewa cha ngodya zinayi anavala, zithunzi anajambulitsa, mayi ake n'kulira misozi ya chimwemwe. Koma zonsezi zisanachitike, Lolemba lija litakwana, anzake awiri analawira ku ntchito, iye ali pakhonde, malaya ositasita ali pathupi, kopita kulibe. Makalata analemba ambirimbiri. Tsoka lake, aliyense woti akanamusainira m'dera lonselo anali pabwalo paja tsiku lija, ndipo amene anajomba anaimva nkhaniyo itathiridwa kale mchere. Onse ankamuyankha mwaulemu kuti tikuimbirani, ena n'kumufunsa akumwetulira ngati pali kwina kumene walonjeza.

Mlongo wake pobwera ku ntchito ankamupeza pakhonde pomwepo, akuwerenga nyerere. Tsiku lina anaima, namuyang'ana kuyambira kunsapato zopolisha mpaka kukolala.

"Bwana, lero mwaswera ku ofesi iti, ya kumanja kapena ya kumanzere?"

Vomerani anangoweramitsa mutu. Anali ndi poti abisale pawiri, pabwino ponse, koma pothamangira uku ndi uku mvula yonse inamuthera pamsana. Akuluakulu sanalankhule ataledzera pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.