Magetsi a kwa Alamu

Bilu ya magetsi ikafika, Akalaliki ankayamba asamba m'manja. Dzinali linawakanirira kuyambira nthawi imene ankalemba milandu kukhoti, ndipo ngakhale anapuma ntchito kalekale, pepala lililonse la manambala ankalitengabe ngati mboni yofunika kuipanikiza ndi mafunso. Ankakhala patebulo la pabalaza, n'kuvala magalasi, n'kumatsetsereza rula mzere ndi mzere.

Mwezi umenewo rula inaima pa kamzere kamene masiku onse ankangokadumpha. Pansi pa mtengo wa magetsi amene anagwiritsa ntchito panalinso ndalama ina yokhazikika, yolipira tsiku lililonse. Inali yochepa, mtengo wa dzira limodzi basi. Koma inkalowa tsiku ndi tsiku, muyatse musayatse, mukhalepo musakhalepo.

"Mayi, tabwerani mudzaone kuba kwa dzuwa likuswa mtengo," anaitana akazi awo. "Dzira limodzi pa tsiku, pamwezi thileyi yathunthu. Ndiye kuti mwezi uja tinakacheza kwa mwana wathu, nyumba ili chitsekere, anthuwa ankadya mazira athu m'mawa uliwonse."

"Nanga mawayawo tinapita nawo kwa mwanayo?" anafunsa mayiwo akupukuta mbale. "Si tinawapeza ali pomwepo akutidikira?"

Akalaliki anavala jekete n'kulunjika ku ofesi ya magetsi, kumene anaima pamzere maola awiri asanafike pawindo. Mayi wa pawindopo anawafotokozera mofatsa kuti ndalamayo ndi ya mapolo, mawaya ndi anthu amene amakwera m'mwamba mvula ikugwa, pakuti zonsezo zimafuna kusamalidwa ngakhale munthu atayatsa babu limodzi lokha.

"Zimenezo ndamva, mwanangu," anatero Akalaliki. "Koma kuseri kwa khoma langa kuli mlamu wanga wometa tsitsi. Makina atatu, choumitsira tsitsi, wailesi yosagona. Ine ndili ndi mababu anayi, furiji ndi simbi. Ndalama ya tsikuyi timalipira yofanana. Nyerere ndi njovu ziwoloke mlatho pa mtengo umodzi?"

Anthu apamzere anavomereza ndi mitu, wina mpaka anaomba m'manja. Mayi uja anangoti lamulo sanalembe ndi iye, ndipo aliyense wokhala ndi mita amalipira.

Mawu amenewa Akalaliki anabwera nawo kunyumba ngati nyama ya mphatso. Ngati wolipira ndi wokhala ndi mita, wopanda mita salipira. Nyumba yawo ndi ya mlamu wawo zinali za denga limodzi, khoma lokha pakati. Bwanji osachotsetsa mita yawo, n'kukoka chingwe kuchokera kwa mlamuyo, bilu n'kumagawana?

Akazi awo anamvetsera mpaka pamapeto, n'kuika mbale pansi.

"Bambo, mchimwene wangayo ndinamubereka kumsana ine, ndimamudziwa. Chitani zimene mwaganiza. Koma ndanena pano kukuwala: tsiku limene magetsi adzazime m'nyumba muno chifukwa cha nzeru zanuzi, ine ndidzapita kwa mwana wanga, ndipo ndidzabwera akadzayaka."

"Sadzazima," anatero Akalaliki. "Ndawerengera."

Mlamu anavomera msanga, akuseka, lumo lili m'manja. "Alamu, inu ndi ine ndife amodzi. Kokani chingwecho." Mita inachotsedwa Lachitatu, ndipo pofika Lachinayi chingwe chofiira chinali chitatuluka pawindo la chipinda chometeramo, n'kukwawa pakhonde, n'kulowa pawindo la khitchini ya Akalaliki. Mlungu umenewo bamboyo ankayenda mumsewu manja ali kumbuyo, akuimitsa aliyense womudziwa kuti amufotokozere mmene munthu wophunzira amagonjetsera kampani popanda loya.

Chingwe chinayamba kuonetsa khalidwe lake Loweruka. Mayi atangolumikiza simbi, mlamu kuseri n'kuyatsa choumitsira tsitsi, swichi yaikulu inagwa, makina n'kuima pakati pa mutu wa munthu. Mlamu anasuzumira pawindo.

"Achemwali, Loweruka musamasite. Ndi tsiku la makasitomala."

Posakhalitsa Lachisanu linalowanso m'gulu la masiku osasita. Kenako panabwera lamulo loti asanawiritse madzi m'ketulo azigogoda kaye khoma katatu, ndipo kuseri kukamveka kugogoda kawiri ndiye kuti adikire. Akalaliki, munthu amene poyamba ankamwa tiyi nthawi imene wafuna, tsopano ankaima m'khitchini khutu lili kukhoma, kapu ili m'manja. Akazi awo ankangowadutsa. Magetsi anali asanazimiretu, ankangopempha chilolezo.

Mwezi utatha, bilu inafika kwa mlamu. Akalaliki analowa m'chipinda chometeramo atanyamula rula ndi pepala limene anawerengerapo gawo lawo, babu ndi babu, ola ndi ola. Munali anthu asanu odikira, wachisanu ndi chimodzi ali pampando, thovu lili kumaso.

Mlamu anayang'ana pepalalo n'kugwedeza mutu. "Masamu ali bwino, alamu, sukulu simunapitire kukadya. Koma mwaiwala mzere umodzi."

"Uti?"

"Wa chingwe. Windo langa silitsekeka chifukwa cha chingwe chanu, udzudzu ukulowa ngati kwawo. Soketi yanga mwaikhalira usana ndi usiku. Swichi ikagwa wokaidzutsa ndine. Zimenezi zimachitika tsiku lililonse, muyatse musayatse. Ndiye tingoti mazira awiri pa tsiku."

"Awiri! Kampani yeniyeniyo imatenga limodzi!"

"Kampani ili ndi anthu ambiri, alamu. Ine kasitomala wanga ndinu nokha."

Odikira aja anaseka mpaka wina anagwetsa nyuzipepala. Pamenepo Akalaliki akanaseka nawo, nkhani ikanathera pa dzira limodzi ndi theka, pakuti mlamuyo ankangoyesa madzi. Koma munthu amene wauza msewu wonse kuti wapambana savomera kugonja pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi. Anakweza rula m'mwamba n'kunena kuti kampani ndi mbala yovala tayi, koma mlamu wawo ndi mbala yopanda ngakhale tayiyo, ndipo n'zosadabwitsa chifukwa dzanja lozolowera kuzungulira mitu ya anthu silichedwa kulowa m'matumba mwawo.

Mlamu sanakwiye moonekera. Anapukuta lumo, n'kupempha wa pampando uja kuti adikire pang'ono. Anazula pulagi, n'kukulunga chingwe bwinobwino pamkono ngati munthu wodziwa ntchito, n'kuwapatsa Akalaliki m'manja. Kenako anatseka windo lake koyamba m'mwezi wathunthu.

Akalaliki atalowa m'nyumba mwawo anapeza furiji ili chete. Akazi awo anayang'ana chingwe chili m'manjacho, n'kudina swichi ya pakhoma kawiri kuti pasakhale wonamiziridwa. Sanakalipe. Anatulutsa nyama yonse ya m'furiji, n'kuiphika pambaula kuti isaonongeke, n'kuwalongosolera kuti iyi adye lero, iyi mawa. Atatero analongedza chikwama, n'kukwera basi ya masana.

Lolemba m'mawa Akalaliki anali woyamba pamzere, malaya ali makwinyamakwinya. Pawindo panali mayi yemwe uja.

"Agogo a nyerere ndi njovu! Mwabweranso ndi mlandu?"

"Ndabwera kudzapempha mita," anayankha motsitsa mawu.

Mayiyo anawapatsa mafomu atatu. Panali ndalama yolumikizira, yoposa ndalama ya tsiku ija ya chaka chathunthu. Panalinso yoyendera mawaya a m'nyumba, popeza nyumba yochotsedwa mita imayesedwa yatsopano. Ndipo anthu odikira mita anali ambiri, moti yawo ikanabwera pakatha milungu isanu ndi umodzi.

"Nanga ndalama ya tsiku ndi tsiku ija imayamba liti?"

"Tsiku limene mita yalowa. Musadandaule, panopa simukulipira kalikonse."

Akalaliki anavula magalasi. "Palibe njira yoti ndiyambe kulipira lero?"

Njira panalibe. Mdima anauzolowera m'masiku atatu, ndipo tiyi wa pambaula anapeza kuti ndi tiyi ndithu. Chimene sanachizolowere ndi kapu imodzi patebulo. Foni itatha moto anazungulira msewu wonse kufuna potchajira, koma aliyense ankawafunsa za kupambana kuja, mpaka miyendo inawafikitsa pakhomo la mlamu. Mlamuyo anawalozera soketi ndi chibwano, osatchula mtengo, ndipo kusatchulako kunawawa kuposa mtengo.

Foni itayaka anaimbira akazi awo.

"Ayaka?" anafunsa mayiwo, moni asanathe.

"Pakatha milungu isanu ndi umodzi."

"Chabwino. Muzithirira maluwa anga."

Mpaka lero amuna a mumsewu umenewo amakanganabe m'chipinda chometeramo ngati n'chilungamo kuti wa mababu anayi azilipira ndalama ya tsiku yofanana ndi wa makina atatu. Ambiri amati si chilungamo, ndipo mwina akunena zoona. Akalaliki akafunsidwa amati maganizo awo sanasinthe, kandalamako ndi kambava ndithu. Koma amanena zimenezi motsitsa, pakuti anaphunzira mochedwa kuti musanaponye mwala muyambe mwaona pamene mbavayo yakhala. Paja akuluakulu anati, khoswe akakhala pamkhate sapheka.