Nkhope ya a Sumani

A Sumani Chikwenga anafika pakhomo pa Shehe Mpaweni ku Ntaja itangotha swala, pemphero la masana, atadziphimba kukamwa ndi mpango ngakhale kunali dzuwa lowawula. Ine ndinali pakhondepo chifukwa nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ana pamadalasa a shehewo. Eni ake anali pamkeka, akusenda nandolo.

A Sumaniwa tinkawadziwa tonse. Anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma, ndipo paunyamata wawo anali okongola koti akalowa mumsika, amayi ogulitsa tomato ankasokoneza milu. Ngakhale imvi zinkawakhala. Koma chaka chimenecho anadwala matenda opha ziwalo, kukamwa kunapotokera kumanzere, diso limodzi linagwa. Atatuluka m'chipatala anadzitsekera m'nyumba, kumzikiti osaonekanso.

Atapatsana salamu, a Sumani anafotokoza chimene anadzera. Mawu ankatuluka mokokeka. Mwana wawo wamkazi, Sakina, anali ndi nikaha, ukwati wa Chisilamu, Loweruka lotsatira, ndipo iwo ankapempha kuti mng'ono wawo ndiye akapereke mwanayo m'malo mwawo. Shehe anafunsa ngati miyendo ikukana kuyenda, kapena lilime likukana kunena kuti "ndavomera". A Sumani anati zonsezo zikutheka.

"Nanga chavuta n'chiyani, achimwene?"

M'malo moyankha, a Sumani anayamba kuphunzitsa ngati ali m'kalasi. Anati miyezi yonseyi akhala akuwerenga za anthu okongola a makedzana, kufuna kudziwa kuti anathera pati. Anatchula Kiliyopatira, mfumukazi ya ku Iguputo imene akuluakulu a nkhondo a ku Roma anaigwera m'chikondi, koma akuti inathera kulumidwa ndi njoka yoitana yokha. Anatchula mfumukazi ina ya ku Falansa imene anthu ake omwe anaidula mutu. Kenaka anabwera kwathu kuno kuchipembedzo, natchula Musab, mnyamata wa ku Maka amene akadutsa anthu ankatsala akununkhiza mafuta ake, koma atafera kunkhondo nsalu yomuphimba inaperewera: akaphimba mutu mapazi ankaonekera.

Shehe anavomera kuti za Musab akuzidziwa, koma amayi awiri aja sanawamvepo. Anafunsa ngati anali pachibale. A Sumani anati ayi, anasiyana zaka zambirimbiri, ndiye anabwerera kukalongosola za Aroma, nasokoneza mayina, n'kudzikonza okha, mpaka ine ndinataya mutu wa nkhani.

Atapuma pang'ono anapitiriza. Anati mphwawo wa kuyunivesite anawabweretsera nzeru za anthu ena a ku Ulaya, amene amati munthu amafunsa dziko kuti cholinga cha zonsezi n'chiyani, dziko n'kungokhala duu. Amati tonse tili ngati munthu wokankha chimwala kukwera nacho phiri: akafika pamwamba chimagubudukira pansi, iye n'kutsika kukayambiranso.

"Pamwamba pa phiripo akumangapo chiyani?" anafunsa shehe.

"Palibe, a shehe."

"Ndiye mwalawo ngwa yani?"

"Si mwala weniweni. N'chifanizo."

"Pepani, ine sukulu yanga ndi yochepa. Munthuyo ali ndi ana?"

A Sumani anati sakudziwa, bukulo silinanene. Anaoneka othedwa nzeru, ndipo ineyo sindinathe kudziwa ngati shehe akufunsa mwadala kapena sakumvadi. Ndinawayang'ana, koma maso awo anali pa nandolo.

Pamenepo a Sumani anavula mpango uja. Anapukuta malovu amene ankatsikira kuchibwano.

"A shehe, ndiyang'aneni. Ngati Allah anafuna kudzailanda nkhope yanga ija, anandipatsiranji? Sindinaipemphe. Ndinaizolowera, anthu anandidziwira iyo, lero ndikadziyang'ana pagalasi ndikuona mlendo. Sindikudziwa ngati ndikulangidwa, ngati ndikuyesedwa, kapena ngati a ku Ulaya aja akunena zoona kuti palibe chifukwa chilichonse. Ndikaime bwanji pamaso pa anthu chonchi, pa tsiku la mwana wanga?"

Shehe anaika lichero pambali, nawayang'ana nthawi yaitali osaphethira, mpaka a Sumani anazolika. Kenaka anati chifukwa chimene Allah anaperekera ndi kulandira sachidziwa, ndipo akanama akati akuchidziwa. Anafunsa ngati Sakina anauzidwa zoti akaperekedwa ndi bambo ake aang'ono. A Sumani anati anamuuza, ndipo mwanayo anati ngati bambo ake sakakhalapo, nikahayo iimitsidwe. Akuchimuna anali atayamba kale kufunsa ngati pali vuto lina limene akubisiridwa.

"Achimwene, ndiloleni funso limodzi lomaliza. Chibadwire, nkhope yanuyo munaionapo ndi maso anu, popanda galasi, madzi kapena chithunzi?"

A Sumani anaganiza, nati sanaionepo.

"Manja anu mumawaona. Mapazi mumawaona. Koma nkhope Allah anaiika moyang'ana kunja, pamalo pamene mwiniwake sangaione mpaka kufa. Ine ndimati sanaipangire inuyo. Inu ndinu wonyamula chabe, eni ake ndi amene amaiyang'ana. Kale eni akewo anali ambiri, msika wonse, ndipo anaigwiritsa ntchito n'kupita. Lero watsala mmodzi amene akuifuna mmene ililimu, ndipo waiitanitsa Loweruka. Mng'ono wanu sindimulola, chifukwa inu muli moyo ndipo nzeru zanu zili bwino. Mum'pititsire mwanayo chinthu chake."