Manja a Nangondo

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, munali mayi woumba mbiya, dzina lake Nangondo. Mudzi wonse unkatungira m'mitsuko yake, kuphikira m'miphika yake, kufululira m'mbiya zake.

Chaka china m'manja mwake munatuluka mawanga oyera. Sankayabwa, sankapweteka, koma ankakula. Ndiye anthu, mukuwadziwa anthu! Wina anati ndi khate. Wina anati amulodza. Wina anati alipo mwambo umene anaphwanya. Ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, mpaka tsiku lina Nangondo anazimva ndi makutu ake.

Kuyambira pamenepo mtima wake unadwala kuposa khungu. Mayi wina anagula mphika, nawiritsamo madzi a gaga, nakawataya kudzala. Umu ndi mmene amakhwimitsira mphika watsopano, ndipo anawaphunzitsa ndi Nangondo yemweyo. Koma iye anati, "Akutsuka pamene ndagwira ine." Ana akaseka pabwalo, ankati, "Akuseka ine." Mlamu wake Nachuma, mkazi wa mchimwene wake, akabwera ndi chakudya, iye ankachinunkhiza n'kuchikankha.

"Mwathiramo chiyani? Mukufuna ndife kuti mudzi uyere?"

Anadzitsekera m'nyumba. Anasiya kuumba, anasiya kusamba, anasiya kudya. Dothi lake la mtapo linaumira pakhonde. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa amiseche aja tsopano ankati, "Mwaona? Wapenga." Osafunsa kuti wam'fikitsa pamenepo ndani.

Nachuma anaona kuti munthuyu afa. Anaphika futali wa mbatata, nakakhala pakhomo.

"Odi, alamu."

"Wakutumani ndani?"

"Palibe. Koma nane sindidya mpaka inu mudye."

"Bodza!"

Chitseko sichinatseguke. M'mawa mwake Nachuma anabweranso, chimodzimodzi. Tsiku lachitatu Nangondo anasuzumira pampata, naona milomo ya mlamu wake itauma gwa.

"Ngati mulibe mankhwala, idyani ndione."

"Ndidya," anatero Nachuma, "koma mundidyetse ndi dzanja lanu."

"Mukundiyesa?"

"Ndili ndi njala, alamu."

Nangondo anatsegula pang'ono. Anatapa futali ndi zala zake zamawanga, nam'fikitsa pakamwa, maso ali pankhope ya mlamu wake. Ankadikira kuti atsinzine, ankadikira kuti akwinye mphuno, ankadikira kuti abweze mutu. Nachuma anangomeza, nanyambita milomo.

"Kangachepe chonchi? Masiku atatu osadya, mukundimananso?"

Nangondo anafuna kuseka, koma kunatuluka kulira. Analira mpaka dzuwa linapendeka, mlamu wake atam'gwira manja onse awiri. Kenako anadya.

Mawanga aja sanachoke, ndisakunamizeni. Masiku enanso kukayikira kunkabwerera, ndipo Nachuma ankakhala naye pakhonde, kukanda dothi ndi kumvetsera mpaka mtima utsike. Amiseche aja miphika itawaswekera anabwera chozolika. Nangondo anawapatsira mphika m'manja, nati, "Mukawiritsemo gaga kaye, ungasweke."

Tsono imvani. Nthenda ya pakhungu imaoneka, koma imene timaiika mumtima mwa mnzathu ndi pakamwa pathu sioneka, ndipo ndi imene imapha. Mnzanu akadzitsekera, musam'tche wamisala. Kakhaleni pakhomo pake.

Yanga yathera pomwepa. Wokhala pafupi ndi moto aphule mbatata ija isanapserere.