Tinyade ndi Chimphona cha mu Mlambe

Kalelo, pamwamba pa phiri panali mlambe umene ana ankaletsedwa kuuyandikira, koma palibe wamkulu amene anawauzapo chifukwa chake. Mnyamata wina, Sekelani, anapita kukafula uchi mmenemo. Anthu anakangotolako nkhwangwa yake.

"Chamumeza chimphona cha mitumitu," anatero akuluakulu, n'kubwerera kuminda.

Mlongo wake Tinyade anapsa mtima. "Basi? Nkhani yathera pomwepa?" Anatsomphola nkhwangwa ija n'kuuyatsa ulendo.

M'munsi mwa phiri anapeza a Malizani, bambo wolumala mwendo, akufukiza utsi pamng'oma wa njuchi.

"Iwe mwana, ukadula chiyani?"

"Mitu ya chimphona! Ndisiyeni!"

"Ukakachikalipira choncho chikamera mutu wina. Chimanenepa ndi phokoso chimenecho. Tapisa dzanja mumng'omamu."

Anapisa. Njuchi zinamuluma mpaka dzanja linatupa ngati dzungu.

"Mwandipusitsa, bambo inu!"

"Zamva kunjenjemera kwako. Mawa upisenso."

Anakhala pamenepo mpaka mvula inakata. A Malizani anamuphunzitsa kupuma mofatsa, kufukiza ndowe zouma, kugwira mfumukazi ya njuchi osaifinya. Tsiku lina njuchi zinamutera thupi lonse ngati chovala, osamuluma.

"Mwendo wangawu sungakwere phiri," anatero a Malizani. "Pita. Mkwiyowo usautaye, koma dzanja likhazikike."

Tinyade ananyamuka njuchi zili pathupi pake. Atafika pamlambe, chimphona chinatuluka, mitu ikulumana yokhayokha. Mutu umodzi unalira ndi mawu a Sekelani: "Achemwali, mwachedwa dala!"

Tinyade mtima unamuwawa, koma anangoti duu. Anatola mfumukazi ya njuchi paphewa pake n'kuiponya m'kamwa mwa mutu waukulu. Njuchi zonse zinalondola, wuu! Chimphona chinatupa, chinatupa, kenako phuu!

Sekelani anatuluka ali dzandidzandi. Pambuyo pake mnyamata wina. Winanso. Atsikana, anyamata, namtindi wa ana a m'mudzi mwawo, amene anthu ankangoti anathawira kutauni. Tinyade anagwira pakamwa. Onsewa, palibe anawalondola?

Kumudzi anamulandira ndi nthungululu, namupatsa mbuzi.

"Mbuziyo ipite kwa a Malizani," anatero Tinyade. "Inu osula, oumba, oluka nkhokwe, aliyense agwire mwana mmodzi pamkono akamuphunzitse ntchito. Sindikhala pansi mpaka onse atatengedwa."

Nthungululu zinazima. Kenako wosula makasu anadzuka, maso ali pansi, n'kufunsa kamtsikana kena dzina lake.