Masamba a Maliro Pakhomo la Juga

Panali munthu wina amene anatsegula kanyumba ka juga pakati pa tauni, kokhala ndi bala momwemo. Mawindo anawapaka penti yakuda kuti osewera asamaone dzuwa likupendeka. Akabaza, makondakitala, ngakhale aphunzitsi ankalowa akuseka, n'kutuluka atazolika.

Wogulitsa mowa m'menemo anali mayi wina wamasiye, Nachisale. Ntchitoyo sankaikonda, koma ana ake ankadyera pomwepo.

Kuseri kwa nyumbayo kunkakhala telala wokalamba. Masana alionse ankamusungira Nachisale kampando pamthunzi wa khonde lake kuti apumitseko miyendo. Tsiku lina telalayo anamwalira. Achibale anayala masamba pamsewu, monga timachitira, kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Apanjinga ankatsika n'kumakankha. Magalimoto ankadutsa pang'onopang'ono. Wogulitsa nyama patsidya anazimitsa wailesi yake.

Koma linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi.

Mwini juga atafika, anapeza masambawo ali pakhomo pake penipeni. Anawakankha ndi nsapato, kuwagwetsera m'ngalande, n'kulamula kuti nyimbo zikwezedwe.

"Bwana, kuli maliro," anatero Nachisale chapansipansi. "Ndi agogo osoka aja."

"Ndiye nditseke? Akufa amabetcha? Tatenga tsache usese zinyalala zatsalazi. Ukakana, usadzapondenso pano."

Nachisale anatenga tsachelo. Anaganiza za ana ake. Kenako analitsamiritsa kukhoma, natsikira m'ngalandemo. Anatola masambawo limodzilimodzi, matope ali chuchuchu, nawayalanso pamsewu. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kukakhala pansi pakati pa amayi olira. Ntchito inathera pomwepo.

Amuna amene ankadikira pakhomo kuti alowe anaona zonsezi. Palibe anaponya mwala. Mmodzi anavula chipewa n'kulowera kusiwa, anzake n'kumutsatira. Nyimbo zinalira tsiku lonse m'nyumba yopanda munthu. Mawa lake amunawo sanabwere kujugako, mkuja wakenso ayi. Munthu ankachita manyazi kuonedwa akulowa khomo limene linanyoza maliro. Mvula isanagwe, nyumbayo inatsekedwa, ndipo lero amagulitsiramo ndowa zapulasitiki. Nachisale amagulitsa tomato kunja kwa msika. Mwa amuna onse aja, palibe anamupezerako ntchito ina.

Inu amene mukumva, mwina mukuti anthu a m'tauniyo anachita bwino. Anachitadi bwino. Koma miyezi yonse ija amayi ankabwera kudzalira pakhomo lomwelo, ana kumsana, chifukwa amuna awo asiya malipiro m'menemo. Mwini juga ankawathamangitsa ngati nkhuku, anthu akuonerera, ena akuseka. Kodi munthu achite kufa kaye kuti timumvere chisoni? Musadikire maliro. Amene akulira pakhomo lero lino ndi wamoyo, ndipo akukuonani mukudutsa.