Masiye Atsale ndi Ndani?

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale lomweli la ndege ndi mafoni, kunali mayi wina wa ku Nchalo dzina lake Esinala. Mayiyu anapita ku Sikotilandi kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Anakhala zaka khumi ndi zinayi m'katauni kena ka m'mbali mwa nyanja, kumene mvula imagwa chopingasa ndipo dzuwa limangosuzumira ngati mkamwini wamanyazi.

Mwa okalamba amene ankawasamalira munali mkulu wina wopanda mbale. Ataona kuti zake zatha, mkuluyo anagwira dzanja la a Esinala nati, "Galu wangayu mumutenge. Musadzamupereke kwa anthu osamudziwa." A Esinala anavomera ndi pakamwa pokha, mumtima akuti, ine galu m'nyumba? Kwathu galu amagona paphulusa! Koma maliro atatha anachita mantha kuphwanya lonjezo, ndiye anamutenga, namutcha Masiye. Anali chigalu chachikulu, chaubweya ngati nkhosa. Mwezi woyamba ankagona pakhomo la khitchini. Wachiwiri anakwera pampando. Pofika chaka, a Esinala ankadula foni ya kumudzi n'kumati, "Tadikirani kaye, mwana wanga akufuna kutuluka."

Chaka chimene tikunenachi a Esinala anatsimikiza zobwerera kwawo, chifukwa mayi awo anali atafooka. Dokotala wa ziweto anawauza mosabisa kuti galu wokalamba, waubweya wotere, kutentha kwa ku Nchalo sangathe nako sabata. Masiye anayenera kutsala. Nkhani yake ndi imene inkawadya mumtima: atsale ndi ndani?

Loweruka lililonse a Esinala ankathandiza mwaulere pashopu ya zachifundo, yogulitsa kaunjika ndi mabuku akale pothandiza anthu osowa pogona. Tsiku lalikulu la shopuyo litayandikira, analonjeza mtedza wokazinga. "Wa pamakala," anatero, "wa pamagetsi sununkhira." Mbaula anali nayo, yochokera nayo kumudzi m'sutikesi. M'mawa wa tsikulo kunadzuka mvula, iwo n'kulowetsa mbaula m'khitchini. Kunazizira, iwo n'kutseka zitseko ndi mawindo. Kabelu ka kudenga kochenjeza za utsi katayamba kulira, anakwera pampando n'kuchotsa batire, uku akukadzudzula kuti kachepetse phokoso.

Musawaseke, anzanga. Ku Nchalo mbaula imalowa m'nyumba, mpweya wake n'kutulukira kudenga ndi kunsi kwa chitseko. Koma nyumba za kumeneko n'zomata ngati botolo. Mutu utayamba kulemera, a Esinala ankayesa njala. Anakhala pansi kuti apume pang'ono, naona Masiye atagona chammbali, lilime panja. Chomaliza kukumbukira ndi fungo la mtedza wopserera. Zotsalazi anazimva ali pabedi m'chipatala.

Owapulumutsa anali atatu. Woyamba anali amayi Moragi, mbadwa ya komweko, mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, amene ankayang'anira shopu ija. Nthawi itakwana, a Esinala osaoneka, anzawo apashopu anaseka. "Mwaiwala? Uja amayendera wotchi ya kwawo." Foni itangoitana osayankhidwa, anati mwina ali m'basi. Koma amayi Moragi anapukusa mutu. "Kutchalitchi amachedwa, ku tiyi amachedwa, ngakhale kuphwando la tsiku lake lobadwa anachedwa. Koma pashopu pano, zaka zisanu ndi chimodzi, sanachedwepo." Anasiya ogula ali pamzere, tsiku limene analikonzekera chaka chathunthu, natenga ndodo yawo. Dziko limenelo munthu safika pakhomo la mnzake osapangana. Iwo anafika. Anakwera chitunda chonse ndi bondo lotupa, mvula ikuwamenya, nagogoda. Zii. Anazungulira kuseri, nasuzumira pawindo, naona phazi pansi. Kukuwa kwawo kunamveka msewu wonse.

Wachiwiri anali a Tomashi, wa ku Polandi, wokonza mapaipi, woyandikana nyumba ndi a Esinala. Bamboyu anali chimphona, koma ankaopa galu ngati mkango, poti analumidwapo ali mwana. Akaona Masiye patali ankawoloka msewu. Atamva kukuwa analumpha mpanda, naswa windo ndi sipanala, galasi n'kumung'amba mkono. Ntchito yake inamuphunzitsa za mpweya woipa, ndiye anakoka mpweya wa panja, natseka pakamwa, nalowa. Anatuluka atanyamula a Esinala, nawagoneka paudzu. Amayi Moragi anati, "Galu! Galu watsala!" A Tomashi anaima, magazi akudontha. Kenaka analowanso. Anatuluka atakumbatira chigalu chija pachifuwa, mutu wake uli pakhosi pawo penipeni.

Wachitatu anali a Nyaharawa, namwino wa ku Rumphi, wokhala msewu wachiwiri. Iwowa ndi a Esinala anali asakulankhulana miyezi isanu. Chinayambitsa ndi Masiye yemweyo: a Nyaharawa anamuona akunyambita mbale, nanena pagulu kuti kunyumba kwa a Esinala sadzadyakonso. Amayi Moragi ataimbira ambulansi anauzidwa kuti msewu wasefukira, ichedwa, ndiye anakumbukira namwinoyu. Foni inawapeza akulukitsa tsitsi. Anathamanga mutu uli theka loluka theka lanyankhalala, chipeso chili momwemo, phazi limodzi silipasi lina lopanda kanthu. Anapeza awiri aja atafunditsa a Esinala jekete mpaka kumaso, akulira. "Chotsani chimenecho! Wakuuzani ndani kuti wafa?" Anagwada m'matope, nayamba kukanikiza chifuwa ndi kuuzira mpweya m'kamwa, uku akukalipa m'Chichewa: "Esinala, usandichititse manyazi! Ufe tisanagwirizane? Dzuka, mfiti iwe!" Sanaleke mpaka ambulansi inafika n'kuwalandira ntchito. Apo anatembenukira kwa galu. Mayi yemwe uja wonyansidwa ndi mbale anatseka kukamwa kwa Masiye ndi manja awiri, nayika milomo yake pamphuno yonyowayo, nauzira, nauzira, mpaka mchira unagwedezeka.

Onse awiri anachira, mayi ndi galu. Madokotala anati kukanapita mphindi zochepa chabe, bwenzi nkhani ili ina.

Tsiku la ulendo litatsala pang'ono, a Esinala anaitana atatuwo ku chakudya chamasana. Makatoni anali mbwee, mipando itapita kale kushopu, moti anakhala pamasutikesi. Atadya, a Esinala anati, "Abale anga, moyo ndili nawowu ndi wanu. Chuma ndilibe, chamtengo chimene ndili nacho ndi uyu wagona apayu. Ndinalonjeza kuti sadzapita kwa anthu osamudziwa. Ndimadandaula kuti ndilibe womusiyira, lero ndili nawo atatu."

"Palibe chovuta apa, mwana wanga," anatero amayi Moragi. "Ine ndaweta agalu asanu ndi awiri, onse anafa ndi ukalamba. Kunyumba kwanga kulibe wondiyankha. Ndipo ndikanakhala pashopu kumagulitsa anthu mabuku, awiriwa akanapulumutsa ndani?"

"Amayi, ndi ulemu wonse," anatero a Tomashi, "inu munaona phazi pawindo, koma windolo silinatseguke ndi maso. Onani mkonowu, anandisoka kakhumi ndi kawiri. Ndili ndi bwalo lalikulu, miyendo yanga ndi yolimba. Inu mungamuyendetse kawiri patsiku ndi bondo limenelo?"

"Iwe si uja unkathawira kutsidya kwa msewu?"

"Ndinasiya! Mufunseni mwini wake, soseji wa m'mawa uliwonse amamupatsa pampanda ndani?"

"Ndiye chifukwa chake wanenepa chonchi," anatero a Nyaharawa. "Tamverani inu nonse. Inu munapeza mitembo, inu munatulutsa mitembo, mpaka munayamba kulira maliro. Mpweya uli m'chifuwa cha galuyu ndi wanga. Ndiponso mudzalankhula naye chiyani? Masiye Chingerezi anaiwala. Tamuuzani akhale pansi tione."

A Tomashi anayesa, Masiye anangowayang'ana. A Nyaharawa anati, "Khala pansi, iwe!" Galu uja khale.

"Achemwali," anatero a Esinala akupukuta misozi ya kuseka, "si inu munati galu ndi wa panja?"

"Ndinanena, ndipo mbale zanga sadzanyambita. Koma inu mukapita, ine Chichewa ndidzalankhula ndi ndani m'tauni muno?"

Apo kuseka kunatha. Amayi Moragi anati bwanji azisinthana, sabata uku sabata uko. A Esinala anakana, poti dokotala wa ziweto uja anachenjeza kuti galu wokalamba wotaya mbuye wake kachiwiri afunika khomo limodzi, apo ayi adzasiya kudya. Anati tsono galuyo asankhe yekha. Anamuika pakati, atatuwo n'kumuitana. Masiye anapita kwa amayi Moragi nawanyambita dzanja, anapita kwa a Tomashi nanunkhiza m'thumba, anapita kwa a Nyaharawa nawaponda phazi. Kenaka anabwerera, nagona pamapazi a a Esinala.

A Esinala anayang'ana nkhalamba imene inawadziwa bwino mpaka kuzindikira kuti kuchedwa uku si kwawo, koma mwina singakhale ndi moyo kuposa galuyo. Anayang'ana bambo amene analowa kawiri m'nyumba ya imfa, koma amachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Anayang'ana mnzawo amene anaiwala mkangano n'kupereka mpweya wake, koma amakhala m'kachipinda kam'mwamba kopanda bwalo. Chingwe cha galu chinali m'manja mwawo, ndege inali ya Lachinayi.

Ine pamenepa ndiye pandikanika, ndabwera napo kwa inu. Mukanakhala a Esinala, chingwe chimenecho mukanachiika m'manja mwa ndani: amene anazindikira, amene analowa, kapena amene anauzira mpweya?