Nkhope ya Amayi M'pulasitiki

Madzi a nyanja atakwera, sanagogode pakhomo pa Matilda ku Malindi. Analowa ngati eni nyumba, nakhala masabata atatu. Ataphwera, Matilda, mayi wa mwana mmodzi amene ankagulitsa usipa wouma pa msika wa pa boma, anatulutsa katundu panja kuti aone chotsala. Mphasa zinali zitaola, ufa utachita miyala. Zimenezo sanazilire. Chimene chinamuwawa mtima chinali m'sutikesi yachitsulo imene anaisanjika pa njerwa. Madzi sanaifike, koma chinyezi chinalowera pa dzimbiri, n'kukapeza pepala lopindidwa panayi. Linali lofewa, lomatirirana, lonunkha chuku.

Pa pepalalo panali nkhope ya amayi ake, malemu a Tikhala. Anaijambula pamanja, ndi pensulo ndi utoto wamadzi, mphunzitsi wina amene ankachita lendi pafupi ndi kwawo. Mayiwo sanaimepo patsogolo pa kamera moyo wawo wonse, ndipo anamwalira Matilda ali ndi zaka zisanu. Nkhope yawo ankaidziwira pa pepalali basi.

Kasitomala wina anamuuza kuti ku nyumba yosungiramo zinthu zakale kuli munthu wodziwa kuchiritsa mapepala. Matilda anasiya dengu la usipa kwa mnzake, n'kupita. Anapeza che Sumani, bambo woonda wa ndevu zoyera, m'kachipinda kokhala ndi tebulo lalikulu, timabulashi tofewa ndi magalasi osanjikizana. Makina munalibe ngakhale amodzi. Bamboyo anayamba wasamba m'manja, kenako ananunkhiza pepalalo.

"Munayesa kulitambasula?"

"Ndinaopa."

"Mantha amenewo ndi amene alipulumutsa, mayi. Anzanu amabwera atayanika kale padzuwa, ena atasita ndi simbi."

Anamufotokozera ntchito yonse mosabisa. Adzalitambasula pang'onopang'ono, aligoneke pakati pa mapepala omwa madzi, alitsindire ndi galasi, azisintha mapepalawo m'mawa ndi masana. Likauma mpaka m'kati adzasesa chuku ndi kabulashi, ndipo pong'ambika adzamatapo kapepala kopyapyala ndi phala la ufa wa tirigu lophika yekha, loti munthu akafuna kulichotsa mawa limachoka ndi kadontho ka madzi.

"Masabata atatu, Mulungu akalola. Mwina anayi."

"Anayi? Bambo, Loweruka la sabata yamawa tikuvundukula chiliza cha mayiwa. Abale akubwera, akufuna kuwaona."

"Pepala silidziwa kalendala," anatero che Sumani.

Matilda analisiya, koma mtima unatsalira pomwepo. Tsiku lomwelo anaimbira mlongo wake Jailosi, amene ankayendetsa galimoto ya kampani ku Lilongwe ndipo ndiye anagula simenti ya chilizacho.

"Wapereka amayi kwa anthu osunga mafupa ndi mabwato oola?" anatero Jailosi. "Kumeneko chinthu chikalowa amachilembera nambala. Udzafola pamzere ndi ana asukulu kuti uone mayi ako omwe."

"Akuti abweza, achimwene. Akangomata ndi phala lawolo."

"Phala? Amayi ali ku sikelo kuti azipatsidwa phala? Iwe, malo a lamineti ali paliponse pa bomapo. Makina amamata pulasitiki uku ndi uku, nkhani yatha. Setifiketi yanga ili ndi zaka khumi, ngakhale uiponye mu Shire ituluka youma."

Mawuwo anamera ngati udzu wa m'dambo. Tsiku lachisanu Matilda anabwerera. Che Sumani ananyamula galasi, n'kuchotsa pepala lapamwamba, ndipo amayi ake anamuyang'ana. Anali otuwa, okwinyika pang'ono, ong'ambika kuchokera pakhutu mpaka paphewa, koma anali iwowo. Matilda anakhudza pakona ndi chala.

"Lauma."

"Pamwamba pokha. Ikani kuseri kwa dzanja. Mukumva kuzizirako? Ndi madzi amenewo."

"Bambo, ine ntchito yanga ndi kuyanika. Chouma ndimachidziwa ndisanachigwire."

"Ndiye mukudziwanso chimene chimachitika usipa ukalongedwa m'jumbo usanaumitsitse."

Matilda ankadziwa. Anatayapo ndowa ziwiri chaka chimene anayamba geni. Koma kuuzidwa za usipa ndi munthu wa muofesi kunamutentha kuposa tsabola, ndipo anangotambasula dzanja.

"Ndipatseni amayi anga."

"Ndi anu, sindingakanize. Mundilole ndiwajambule kaye ndi foni, pakhale potsalira."

"Kuti mukagulitse kwa azungu? Ayi."

Che Sumani anaika pepalalo pakati pa makatoni awiri oyera, n'kumanga ndi kansalu. Pomupatsa ananena motsitsa mawu kuti: "Mukalisunge chogoneka, pamthunzi podutsa mphepo. Koma pulasitiki ndi selotepu, chonde, zisaliyandikire."

Kuchokera pamenepo kukafika pa shopu ya Nasir, mnyamata wa fotokope pafupi ndi depoti, panalibe mtunda woti munthu n'kusintha maganizo. Nasir sananunkhize kanthu, sanafunse kanthu. Anamata selotepu kuseri kwa pong'ambika, analowetsa pepala m'thumba la pulasitiki, makina otentha n'kulimeza. Lisanathe dontho la thukuta kutsika pamphumi, a Tikhala anatulukira mbali inayo ali phuliphuli. Makwinya anali atatha, utoto utadzuka, khungu likuwala ngati adzola mafuta a pa Khirisimasi.

"Mwaona, sisi?" anatero Nasir akupukuta ndi malaya ake. "Izi ndi za muyaya."

Pa tsiku la chiliza chithunzicho chinayenda dzanja ndi dzanja, manja a mafuta a nsomba, manja a thukuta, koma icho osadetsedwa. Azakhali anachipsompsona akulira. Achinyamata anachijambula ndi mafoni padzuwa. Jailosi anachikweza m'mwamba polankhula, n'kuuza anthu kuti nzeru imeneyi inachokera kwa iye. Matilda anachikhomera pakhoma la pabalaza, ndipo aliyense wolowa ankayamba wachiyamikira asanapatsidwe moni.

Kenako kunabwera kutentha kwa Okutobala, kumene malata amalira okha masana. M'kati mwa pulasitiki munaoneka kankhungu, ngati munthu wapumira pagalasi. Matilda anapukuta ndi chitenje, osachoka. Patapita sabata panatuluka timadontho takuda pa tsaya. Anapukuta ndi sopo, koma nsalu inkangotsetsereka pamwamba, dontho lili phee kuseri. Pofika mvula yoyamba madontho aja anali atagwirana manja, atadya pakamwa, akukwera kumphuno.

Manyazi anamugwira masiku anayi. Tsiku lachisanu anatenga chithunzicho, n'kukwera kabaza wopita kwa che Sumani.

Che Sumani anachiyang'ana nthawi yaitali ndi galasi lokulitsa. Anadula kakona kakang'ono kopanda chojambula, n'kuyesa kusenda ndi kapani. Pulasitiki inanyamuka ndi khungu la pepala, loyera ngati mamba.

"Mwaona? Kutentha kunasungunula guluu, guluu n'kulowa m'thupi la pepala. Madzi aja anatsekeredwa momwemo, ndiye chuku chapeza nyumba yofunda yopanda mphepo. Ndikakoka, nkhope ipita ndi pulasitiki. Ndikasiya, chuku chimaliza chokha."

"Palibe mankhwala? Ngakhale phala lija?"

"Phala limamata pepala, mayi. Apa pepala ndilifikira pati?"

Matilda anadikira kuti bamboyo anene kuti ndinakuuzani. Akanatero, bwenzi atapeza pokalipira, mtima n'kupepukako. Koma che Sumani anangobweza chithunzicho ndi manja awiri, monga muja amaperekera chipepeso pamaliro.

Ali panja anaimbira Jailosi kuti asonkhanitse zithunzi za m'mafoni za tsiku la chiliza. Zinabwera zisanu ndi ziwiri. Pa chilichonse, pamene panayenera kukhala nkhope panali chigamba choyera cha dzuwa lonyezimira pa pulasitiki. Pa china pankaoneka bwinobwino mthunzi wa wojambulayo, foni ili m'manja, ndi nthambi za mtengo kumbuyo kwake.

"Amayi sakuoneka, achimwene."

"Nanga ine nditani? Unali nacho ndiwe. Ine ndinangopereka maganizo, sindinakugwire dzanja. Ukanaumitsa kaye."

Foni inaduka. Matilda anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, makabaza akumuimbira mabelu, chithunzi chili pamiyendo. Anatseka maso kuti aione nkhope ija m'mutu mwake, koma imene inkabwera inali yamadontho.

Lero chithunzicho chinachoka pakhoma. Chuku chinamaliza ntchito yake mwezi wa Febuluwale, ndipo patsala mapewa awiri ndi chibanga chakuda pakati. Pulasitiki yokha ndiye ilibe chilema. Ikuwalabe monga tsiku limene inatuluka m'makina, ndipo idzakhala ikuwala Matilda atakalamba, mwana wake akufunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, wopanda womuyankha. Ndi zimene amanena akuluakulu zija: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.